Za Tizinthu ta Siliva ta Kale ndi Umboni Wache

Ku England kuli anthu amene akonda kufunafuna ndi kusunga tizinthu ta siliva ta makedzana, monga masupuni, timabokosi ta fodya, ndi mamendulo a asilikari. Munthu wotere apereka ndalama zambiri pogula supuni imodzi yopindika, imene ife tikadaiyesa yachabe. Ndipo wina angadabwe nati, Kodi siliva wa m'supuni imodzi achuluka motani? Koma iwowa chimene agula ndicho umboni, si kulemera kwa siliva ai. Pakuti kuseri kwa supuniyo kuli tizidindo tinai kapena tisanu, tating'ono ngati njere za mapira. Ndipo wodziwa kutiwerenga azindikira mudzi kumene supuniyo inayesedwa, ndi chaka chache, ndi mmisiri amene anaisula. Tiyeni, owerenga, tione chiyambi cha mwambo umenewu, popeza uli ndi phunziro kwa ife omwe.

Siliva woyengeka pa yekha ali wofewa, sakhalira kupindika. Chifukwa chache amisiri amsanganiza ndi mkuwa pang'ono kuti alimbe. Pomwepo mpamene panalowera chinyengo, pakuti wosula wosakhulupirika akhoza kuchulukitsa mkuwa, ndipo diso la wogula silingathe kuzindikira. Tsono m'chaka cha 1300 mfumu Edward I inaika lamulo lakuti pa magawo 1000 a chinthu chiri chonse cha siliva, magawo 925 akhale siliva weniweni, monga momwe zinaliri ndalama za dzikolo. Muyeso umenewu ndiwo uchedwa sterling. Akulu a amisiri analamulidwa kuyendera nyumba zosulira, kuyesa zinthu, ndi kudinda mutu wa nyalugwe pa ziri zonse zokwana muyeso. M'chaka cha 1363 linaonjezedwa lamulo lina lakuti mmisiri ali yense akhale nacho chizindikiro chachechache, kuti chinthu chikapezeka choipa mwini wache asabisale.

M'chaka cha 1478 amisiri a ku London anayamba kutengera nchito zao ku nyumba imodzi, dzina lache Goldsmiths' Hall, kumene kunakhala woyesa wolipidwa. Koma akuluwo anaona kuti woyesanso ndi munthu, akhoza kulandira chiphuphu. Potero anaika chidindo chachitatu, ndicho chilembo chimodzi cha alifabeti chosinthika chaka ndi chaka, kuti chinyengo chikaululika adziwe woyesa amene analipo chaka chimenecho. Anatenga zilembo 20, ndipo zikatha anayambanso pa A, nasintha maonekedwe a zilembozo. Sanalingalire konse za ife akudza m'mbuyo, koma pofuna kugwira wonyenga anatisiyira kalendala wosafafanizika. M'chaka cha 1544, pamene mfumu Henry VIII inayamba kuchepetsa siliva m'ndalama zache, kunaonjezedwa chidindo cha mkango woyenda, chakutsimikiza kuti chinthucho chisunga muyeso wakale.

Nanga nchifukwa ninji siliva wa zaka zimenezo asowa lero? Masiku aja mbale kapena chikho cha siliva chinali ngati nkhokwe ya chuma: pakagwa tsoka, mwini wache anachisungunula nachisandutsa ndalama. M'chaka cha 1642 inabuka nkhondo pakati pa mfumu Charles I ndi nyumba ya malamulo, ndipo mbali zonse ziwiri zinafuna malipiro a asilikari. M'chaka cha 1643 masukulu akulu a ku Oxford anapereka zikho ndi mbale zao kwa mfumu, ndipo zinalowa m'ng'anjo. Zinthu zazikulu zinatha chotero. Koma supuni ikhoza kubisika m'thumba kapena pansi pa nthaka, ndipo mwa ichi masupuni ambiri anapulumuka.

Mwa masupuni akalewo, ofunika koposa ndiwo a Atumwi, amene anasulidwa makamaka m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Ku nsonga ya chigwiriro kuli kafano ka mtumwi mmodzi, wodziwika ndi chimene agwira: Petro ndi mfungulo, Andreya ndi mtanda wopingasa. Iwo akuimirira mwana pa ubatizo ndiwo anapatsa mwanayo supuni yotere. Wolemera anapereka ambiri, wosauka imodzi. Gulu lathunthu liri la masupuni 13, kuwerengera ndi ya Ambuye, koma magulu athunthu otsala lero angowerengeka.

Mtendere utabwera, olemera anafunanso ziwiya za siliva, ndipo amisiri ena anayamba kusenga ndi kusungunula ndalama za dziko kuti apeze chosulira. Poletsa ichi, m'chaka cha 1697 boma linakweza muyeso wa ziwiya kufikira magawo 958, kuti siliva wa m'ndalama asakwanire. Ndipo chidindo chache chinali mkazi wokhala pansi, wochedwa Britannia. Muyeso wakale unaloledwanso m'chaka cha 1720. M'chaka cha 1757 kupanga zidindo zonama kunayesedwa mlandu wa imfa. Ndipo kuyambira 1784 kufikira 1890 panali msonkho pa siliva, ndipo mutu wa mfumu unadindidwa kusonyeza kuti msonkho waperekedwa. Onani tsono kuti chidindo chiri chonse chinabadwa m'vuto lina la dziko, ndipo wochiwerenga awerenga mbiri ya vutolo.

Zidindo zatisungiranso maina a anthu amene mabuku sakadawakumbukira. Hester Bateman anali mkazi wamasiye wa ku London. M'chaka cha 1761 analembetsa chizindikiro chache, zilembo H ndi B, nayendetsa nyumba yosulira pamodzi ndi ana ache kufikira 1790. Masupuni ache afunidwabe lero lino.

Timabokosi tambiri tinachokera ku Birmingham. Poyamba amisiri a kumeneko anatumiza nchito zao ku Chester kukayesedwa, ndipo zinachedwa ndi kuonongeka panjira. Matthew Boulton anadandaulira nyumba ya malamulo, ndipo m'chaka cha 1773 nyumba zoyesera zinatsegulidwa ku Birmingham ndi ku Sheffield. Chidindo cha Birmingham ndi nangula, cha Sheffield chinali chisoti chachifumu, chimene chinasinthidwa ndi duwa m'chaka cha 1975. Timabokosi tina tinali ta fodya wa pamphuno. Tina, tochepa ngati chala chachikulu, tinali ndi kachinkhupule konyika m'vinyo wosasa ndi zonunkhira, pakuti misewu ya m'midzi yaikulu inanunkha kwambiri, ndipo mwini wache ananunkhiza kabokosiko podutsa. Nathaniel Mills anamveka chifukwa cha timabokosi tokhala ndi chithunzi cha nyumba zomveka pa chivundikiro, monga Windsor Castle.

Pano pafunika chenjezo. M'chaka cha 1840 a Elkington a ku Birmingham analandira chilolezo cha njira yokutira chitsulo chotsika mtengo ndi siliva wopyapyala mwa mphamvu ya magetsi. Zinthu zotere zinafalikira pa dziko lonse, ndipo zambiri ziri ndi zilembo EPNS. Mukaona zilembo zimenezi dziwani kuti siliva ali pakhungu pokha: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lero nyumba zoyesera za ku Britain zatsala zinai, ku London, Birmingham, Sheffield ndi Edinburgh. Chiwerengero 925 chidindidwa poyera, ndipo kuyambira 1999 chilembo cha chaka sichikakamizidwanso.

Mendulo ya nkhondo iribe zidindo zotere, koma umboni wache uposa, pakuti ndiwo dzina la munthu. Itatha nkhondo ya ku Waterloo ya 1815, boma la Britain linapatsa msilikari ali yense amene analipo, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, mendulo ya siliva yofanana, ndipo dzina lache ndi gulu lache zinadindidwa m'mphepete mwache. Apa mbiri imeneyi ifika ndi kwathu kuno. Central Africa Medal inaperekedwa chifukwa cha nkhondo za m'dziko lino za 1891 kufikira 1898, zimene mwa izo muli ija ya Mlozi ku Karonga m'chaka cha 1895. Gulu la King's African Rifles linakhazikika m'chaka cha 1902, ndipo makolo athu ambiri analowamo namenya nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Chipilala chao chiri ku Zomba. British War Medal, mendulo ya nkhondo imeneyo, ndi ya siliva, iri ndi mutu wa mfumu George V, ndipo m'mphepete mwache muli nambala ya msilikari, dzina lache ndi gulu lache.

Chifukwa chache, ngati m'nyumba mwanu muli mendulo ya agogo, kapena supuni yakale yokhala ndi tizidindo, musaikweche ndi mchenga kapena phulusa monga tichita ndi miphika, pakuti siliva aperepeseka msanga, ndipo zilembo zikafafanizika sizibweranso. Madzi ofunda ndi sopo ndi nsaru yofewa zikwana. Musaiboole, ndipo mamendulo a munthu mmodzi musawagawane, akhale pamodzi. Wogula akadza ndi sikelo yache, kumbukirani kuti iye ayesa chitsulo chokha, ndipo ndalama zache zidzatha mwezi usanathe. Koposa zonse, pitani kwa nkhalamba zimene zikalipo, mufunse kumene mwini menduloyo anayenda, mudzi wache ndi mfumu yache, ndipo mulembe zonsezi pa pepala ndi kulisunga pamodzi ndi menduloyo, kuti adzukulu anu akadzafunsa apeze yankho.