Mathiraki ochokera kunja ndi chitetezo cha dziko ku Chipata

Mathiraki onyamula katundu, pamodzi ndi zipangizo zake zimene amakaniko amangoti masipeya, ali m'gulu la zinthu zimene Zambia imagula kunja pafupifupi zonse. Malonda amenewa amakhudza dziko lonse, koma amaluma kwambiri ku Chipata, likulu la Chigawo cha Kum'mawa, mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita oposa 550 kuchokera ku Lusaka ndipo palibe njanji youlumikiza ndi mizinda ina ya Zambia. Feteleza, mafuta, simenti, mankhwala a m'zipatala ndi shuga zimafika pa matayala. Chimanga, mtedza, soya, thonje ndi fodya zimachokanso pa matayala. Choopsa pa chitetezo si kugula thiraki kunja, pakuti dziko lilibe njira ina yapafupi. Choopsa chagona pa tizinthu timene timachititsa thirakiyo kudzuka m'mawa uliwonse, ndi pa msewu waukulu umodzi wokha umene imayendapo.

Mathiraki a m'chigawochi ali m'magulu awiri. Pali aakulu a mtunda wautali, monga Scania, Volvo ndi Freightliner, ndipo m'zaka zaposachedwa achuluka a ku China monga Howo, Shacman ndi FAW, amene mtengo wake ndi wotsikirapo. Ndiye pali aang'ono ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, makamaka Mitsubishi Canter ndi Isuzu, amene amalowa m'misewu yafumbi ya ku Chadiza, Vubwi ndi Lundazi kukatola matumba m'midzi. Ambiri mwa iwo amatsikira pa madoko a maiko ena, monga Dar es Salaam, Durban, Walvis Bay ndi Beira, kenaka amalipiridwa msonkho ku Zambia Revenue Authority ndi kulembetsedwa ku Road Transport and Safety Agency. Thiraki ikafika ndiye kuti kugula kwangoyamba. Matayala, mabatire, mabuleki, zosefera mafuta, mapampu ndi zam'kati mwa giyabokosi zimatha, ndipo zambiri zimafuna madola. Woyenda pa Great East Road, msewu wolumikiza Chipata ndi Lusaka, amaidziwa bwino thiraki yofera m'mbali mwa msewu m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi Luangwa: nthambi zamasamba zitayalidwa patala kuchenjeza anzawo, miyala itatsamiritsidwa ku matayala, wothandizira dalaivala akuphika nsima pa mbaula pansi pa ngolo, mwini wake akuimba mafoni ku Lusaka kapena ku Johannesburg kufunafuna kachitsulo kokwana m'dzanja limodzi.

Zambia idaphunzira kale, ndipo idaphunzira movutika, kuti lole ndi chida chotetezera dziko. Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wake ku Rhodesia pa 11 November 1965, mafuta odzera kum'mwera adaduka, boma lidayamba kuwagawa mopimira, ndipo kwa miyezi ingapo adabwera pa ndege. Mu 1966 maboma a Zambia ndi Tanzania, mogwirizana ndi anthu a bizinesi a ku Italy, adakhazikitsa kampani ya Zambia-Tanzania Road Services, imene idayendetsa malole a Fiat pa msewu wafumbi wa ku Dar es Salaam. Msewuwo udatchedwa Hell Run chifukwa cha matope, ngozi ndi malole ofera m'njira. Katundu wina adadzera ku Malawi ndi kulowa pa Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Malolewo adapulumutsa dziko, koma atsogoleri a nthawiyo sadawakhulupirire kotheratu, ndiye chifukwa chake adamanga paipi ya mafuta ya TAZAMA, imene idatha mu 1968, ndi njanji ya TAZARA, imene idatha mu 1975. Smith atatseka malire mu January 1973, lole idasenzanso mtolo womwewo. Zonse ziwiri, paipi ndi njanji, zidalowera kumpoto. Chigawo cha Kum'mawa chidatsala ndi msewu wake.

Msewuwo uli ndi khosi, ndipo khosilo ndi mlatho wa pa mtsinje wa Luangwa, pafupi kwambiri ndi malire a Mozambique. Mlatho woyamba, womangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust, udaphulitsidwa ndi anthu achiwembu pa nthawi ya nkhondo zomenyera ufulu m'maiko oyandikana, ndipo umene ulipo lero udatsegulidwa mu 1968. Njira zina zikuluzikulu zilipo, koma zimadutsa m'dziko la eni. Ya ku Mwami imalowa m'Malawi pa Mchinji, pamene chipata chimodzi chogwirira ntchito pamodzi chidatsegulidwa mu December 2022. Ya ku Chanida, kum'mwera kwa Katete, imapita ku Tete ndi Beira, ndipo mbiri yake si yopatsa mtendere: chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za RENAMO zinkadumpha malire ndi kuukira midzi ya m'chigawochi, mu March 2019 namondwe wa Idai adadula msewu wa ku Beira, ndipo zipolowe zotsatira chisankho cha ku Mozambique chakumapeto kwa 2024 zidaimitsa mathiraki ambiri. Sipeya imene ikuchokera kudoko imakumana ndi zotchinga zomwezo zimene zimagwira katundu amene thiraki iyenera kunyamula, motero tsoka likagwa limagwa kawiri.

Ena amati zonsezi ndi nkhani ya chuma chabe, ndipo kuitcha ya chitetezo ndi kukokomeza, popeza asilikali ali ndi magalimoto awoawo. Mfundoyi ili ndi choonadi pang'ono, koma imaiwala kuti dziko siligwa ndi mfuti zokha. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, ndipo Chigawo cha Kum'mawa chidali pakati pa zigawo zokhudzidwa. Chimanga cha m'nkhokwe za Food Reserve Agency sichidziyendetsa chokha kupita ku Mambwe kapena ku Chama. Chimanyamulidwa ndi mathiraki a anthu wamba olembedwa ganyu ndi boma. N'chimodzimodzi ndi feteleza wa pulogalamu ya boma yothandiza alimi ya FISP, amene ali ndi nyengo yake: akafika mvula itapita patali, mlimi wataya chaka chathunthu, ndipo njala ya chaka chamawa idabadwira m'galaja momwe thiraki idakhala milungu itatu kudikira pampu. Ngakhale mafuta enieniwo akudalira matayala kuposa kale, chifukwa malo oyengera a Indeni ku Ndola adasiya kuyenga, paipi ya TAZAMA idayamba kutumiza dizilo woyengeka kale mu 2023, ndipo petulo amabwera pa mathanki a pamsewu. Magalimoto a asilikali ndi a Zambia National Service nawonso ndi ogula kunja, ndipo amadwala matenda omwewo.

Ena amapita mbali ina, nati ngati zili choncho Zambia itsanzire America. Mu April 2025 boma la United States lidayamba kufufuza, pansi pa gawo 232 la lamulo la zamalonda la 1962, ngati mathiraki ochokera kunja akuopseza chitetezo chake, ndipo kuyambira 1 November 2025 lidaika msonkho wa 25 peresenti pa mathiraki apakati ndi aakulu. Koma America ili ndi mafakitale a Kenworth, Peterbilt, Mack ndi ena oti iwateteze. Msonkho wotere pa malire a Zambia ku Mwami kapena ku Chirundu sungateteze fakitale iliyonse yopanga injini. Ungangokweza mtengo wonyamulira thumba la chimanga, ndi kukakamiza eni mathiraki kuyendetsabe zikhakha zakale pa masipeya achinyengo. Zambia idayesapo kulumikiza magalimoto pakhomo. Ku Livingstone kudali fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat, ku Ndola kudali ya matayala a Dunlop, ndipo Chipata yemweyu adali ndi Luangwa Industries yopanga njinga. Ntchitozi zidalemba anthu ndi kusula amisiri, ndipo zimenezo si zopepuka ayi. Komabe zambiri zinkalumikiza zidutswa zobwera m'mabokosi kuchokera kunja, kotero madola atasowa mkuwa utatsika mtengo kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1970, nazonso zidafooka. Fakitale yolumikiza imasuntha kudalira kunja kuchoka pa galimoto yathunthu kupita pa bokosi la zidutswa, koma sikuchotsa.

Mfundo yolimba kwambiri yotsutsa ndi yakuti msika umadzikonza wokha: kuchuluka kwa mitundu ya mathiraki ndi maiko owagulitsa ndiko chitetezo, pakuti China akatseka, Japan kapena South Africa alipo. Pa kugula thiraki yatsopano, zimenezi n'zoona. Pa kukonza imene ilipo kale si zoona, chifukwa sipeya ya Howo siilowa mu Scania, ndipo wogulitsa wa ku Chipata, kaya ku Down Shops kapena kufupi ndi msika wa Kapata, sangasunge katundu wa mitundu khumi ndi iwiri. Amasunga zoyenda msanga, zina zonse amaitanitsa. Mitundu ikachuluka, shelefu ya mtundu uliwonse imapyapyala. Kuonjezera apo, onse ogulitsawo amafuna ndalama yofanana. Zambia italephera kulipira ngongole zake zakunja mu November 2020, kwacha ili yofooka, mtengo wa tayala udakwera mosayang'ana kuti lachokera kuti. Mathiraki amakono abweretsanso vuto lina: injini zake zimayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, amene ankadziwa nthenda ya injini pongoimvera kulira, tsopano amafunika makina oyezera amene nthawi zambiri ali kwa ogulitsa ovomerezeka ku Lusaka kapena ku Copperbelt.

Zimene zingachepetse chiopsezo ndi zosaoneka bwino pa chikwangwani cha kampeni: kuchepetsa mitundu ya magalimoto amene maofesi a boma amagula, kusunga masipeya ofunika m'chigawo momwemo, kuphunzitsa amakaniko a injini zamakono m'makoleji a zaumisiri, ndi kugwira mwamphamvu masipeya achinyengo pa zipata. Chachikulu ndi kuchotsako katundu pa matayala. Lamulo la SI nambala 7 la 2018 lidalamula kuti 30 peresenti ya katundu wolemera wa mitundu ina aziyenda pa njanji, koma lamulo limagwira pomwe pali njanji. Ya Chipata kupita ku Mchinji, ya makilomita 27, idayambidwa mu 1982 ndi kutsegulidwa mu August 2010 kuti ilumikize chigawochi ndi doko la Nacala, ndipo siidanyamulebe katundu wochuluka monga mmene anthu ankayembekezera. Ina imene idakonzedwa kuti ichoke pa Chipata kudzera ku Petauke kukakumana ndi TAZARA ku Serenje idakali pa mapepala.