Mfumu, Phungu ndi Khansala: Mbiri ya Oyankhulira Anthu a ku Tsangano

Munthu wochoka pa boma la Ntcheu kulowera ku Dedza, asanafike pa Lizulu, amapeza mphambano ya msewu wokhotera kumanzere, pamene pamakhala milumilu ya mbatatesi, kabichi, anyezi ndi tomato. Tsangano weniweni ali m'kati, pamwamba pa mapiri a Kirk Range, m'dera la Inkosi Mpando, kumene m'mwezi wa Juni chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Malire a Malawi ndi Mozambique amadutsa pomwepo, ndipo mbali inayo kulinso Tsangano wina, boma la m'chigawo cha Tete. Anthu a mbali ziwirizi amayankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro.

Mbatatesi ya kumapiriku ndi imene imakazingidwa pa ziwaya za ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma mlimi wake, mlatho ukakokoloka kapena pa msika pakasowa chimbudzi, amakadandaulira yani? Lero pali anthu atatu amene amati ndiwo pakamwa pake: mfumu, phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndi khansala. Adzukulu ambiri amaganiza kuti atatuwa anabadwa tsiku limodzi. Ayi ndithu. Aliyense ali ndi mbiri yake, ndipo wa mbiri yomvetsa chisoni ndi khansala, amene malamulo anamuika pafupi kwambiri ndi mlimi.

Kale, Angoni a kwa Maseko atakhazikika pa phiri la Domwe, lomwe tsopano lili ku Mozambique, nkhani zonse zinkathera pa bwalo. Ufumu sunkavoteredwa, unkatsata magazi. Komabe wonena kuti anthu wamba analibe mawu akhoza kulakwa. Mfumu inkaweruza itamva nduna zake, ndipo pa bwalo munthu ankaloledwa kutambasula mlandu wake mpaka malovu kuuma. Mfumu yankhanza anthu ankaithawa usiku n'kukamanga kwa ina, iyo n'kutsala ikulamulira mabwinja. Imeneyo ndiyo inali voti ya makolo, voti ya miyendo. N'chifukwa chake akale ankati mfumu ndi dzala, potanthauza kuti zoipa ndi zonunkha zonse za m'mudzi zimatayidwa kwa iyo, ndipo siyenera kunyansidwa nazo.

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la m'chaka cha 1891 linadula dziko la Angoniwa pakati, potsata msana wa mapiri pamene madzi amagawikana. Mu Okutobala 1896 asilikali a atsamunda anapha Inkosi Gomani woyamba, mwana wa Chikuse. Kuchokera pamenepo mwini mphamvu anali mzungu wa pa boma. Lamulo la 1912 linaika mafumu ena kuti azithandiza kutolera msonkho ndi kusunga bata, ndipo la 1933 linawapatsa mabwalo a milandu ndi kathumba ka ndalama. Ulemu unalipo, koma mfumu tsopano inali ndi mabwana awiri, anthu ake ndi boma. Mapanga awiri avumbwitsa.

Amene anaonetsa poyera kuti mapanga awiriwa sangatheke anali Inkosi Philip Gomani, Gomani wachiwiri. M'chaka cha 1953, atsamunda akukakamiza Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, iye anauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe, aja okakamiza migula ndi mizere yopingasa, amene wolephera kuwatsata ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Chodabwitsa n'chakuti mfumu yomweyi kale inkalimbikitsa ulimi wosamala nthaka, ndipo m'mapiri otsetsereka ngati a ku Tsangano migula ndi yofunikadi. Iye sankakana migula. Ankakana kulamulidwa osafunsidwa. Boma linamuimitsa pa ufumu, ndipo mu Meyi chaka chomwecho apolisi anafika ku Lizulu kuti amutenge. Anthu anatchinga. Mfumuyo, ili yodwala, inathawira m'dziko la Apwitikizi pamodzi ndi mwana wake Willard ndi m'busa wa Chingerezi Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza. Scott anathamangitsidwa m'dziko muno, ndipo Gomani anamwalira pa chipatala cha Malamulo mu 1954.

Chaka chomwecho cha 1953 ndi chimene atsamunda anakhazikitsa lamulo la makhonsolo a m'maboma. Mpando wa khansala unabadwira m'nyengo ya mkangano imeneyi, ndipo anthu poyamba anauyang'ana ndi diso lokayika, ngati chinthu china chochokera kwa mzungu. Chisankho chimene chinagwedeza midzi chinali cha aphungu, cha pa 15 Ogasiti 1961. Si onse ankaloledwa kuvota: panali zoyenereza za maphunziro, chuma kapena udindo, ndipo mayina a ovota anali m'mikuku iwiri, wapamwamba ndi wapansi. Chipani cha Malawi Congress, cha tambala wakuda, chinatenga mipando yonse 20 ya mkuku wapansi.

Ufulu utabwera mu 1964, makhonsolo anali ndi ntchito zooneka: sukulu za pulayimale, misika, misewu ya m'midzi, zipatala zing'onozing'ono. Koma dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, mphamvuzo zinayamba kukokedwa pang'onopang'ono kupita ku likulu. Nkhani za chitukuko zinapita ku komiti yotsogozedwa ndi DC, ofuna ukhansala ankayamba asefedwa ndi chipani, ndipo lamulo la mafumu la 1967 linaika m'manja mwa Pulezidenti mphamvu yovomereza kapena kuchotsa mfumu. Pa mudzi woopedwa sanali khansala kapena nyakwawa, koma tcheyamani wa chipani ndi ayufi ake. Agogo amene anagulitsapo mbatatesi m'zaka zimenezo amakumbukira kuti pa chipata cha msika munthu ankayamba waonetsa khadi la chipani asanatule dengu.

Ntcheu inali ndi ana ake pafupi ndi moto. Albert Muwalo Nqumayo anafika pokhala mlembi wamkulu wa chipani ndiponso nduna, ndipo Focus Gwede ankatsogolera nthambi ya apolisi ofufuza zachinsinsi. Awiriwa ankaopedwa dziko lonse, ndipo ambiri amene anatsekeredwa popanda mlandu m'zaka zimenezo, kuphatikizapo Sam Mpasu wa ku Ntcheu komweko, ankaloza chala iwowa. Moto womwewo unawatentha: anamangidwa mu 1976 pa mlandu woukira boma, Muwalo ananyongedwa mu 1977, Gwede anakhala m'ndende mpaka 1993. Kukhala ndi mwana wa kwanu ku likulu sikunasandutse msewu wa ku Tsangano kukhala wa tala.

Kenaka kunabwera alendo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, makamaka kuyambira 1986, anthu a ku Angonia ndi Tsangano wa mbali inayo anakhamukira kwa abale awo, ndipo Malawi yense anasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Ku Ntcheu ambiri anakhala m'midzi momwe, osati m'misasa yokha. Amene anagawa malo omanga ndi timinda, n'kuweruza milandu ya nkhuni ndi zitsime, anali mafumu ndi nyakwawa. Pa nthawi yovutayi mpando wakale uja ndi umene unasenza katundu, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Pa 14 Juni 1993 panachitika riferendamu. Wofuna chipani chimodzi ankasankha tambala, wofuna zipani zambiri ankasankha nyali. Dziko lonse, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, koma chigawo chapakati chinakakamira tambala. Ntcheu, ngakhale ili m'chigawo chapakati, inasankha nyali, ndipo pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 inapereka mavoti ambiri kwa Bakili Muluzi ndi UDF. Ena amati chinali chilonda cha Muwalo, ena amati n'chifukwa cha kuyandikana ndi chigawo chakumwera. Wodziwa za 1953 sangadabwe kwambiri. Anthu a kwa Gomani sanayambe lero kuyenda njira yawoyawo.

Apa ndi pamene nkhani ya khansala imafika popweteka. Demokalase itabwera, munthu akanayembekeza kuti mpando wapafupi ndi anthu ndiwo uyambe kukonzedwa. M'malo mwake makhonsolo akale anathetsedwa mu 1995, ndipo panapita zaka zisanu popanda olowa m'malo. Mu 1998 kunabwera lamulo latsopano la maboma aang'ono ndi ndondomeko imene pa wailesi inkatchedwa mphamvu ku anthu. Mawu ake anali okoma: mudzi uzikhala ndi komiti yake ya chitukuko, VDC, madandaulo azikwera ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kuchoka apo khansala awatengere ku khonsolo. Chisankho cha makhansala chinachitika pa 21 Novembala 2000, koma mwa anthu 100 alionse olembetsa, amene anakavota anali 14 okha. Mwezi wa Novembala mlimi amakhala ndi khasu m'manja, ndipo panalibe amene anamufotokozera mokwanira kuti khansala ndi wa ntchito yanji.

Nthawi ya makhansalawo inatha mu 2005, ndipo boma la Bingu wa Mutharika linangokhalira kusuntha tsiku la chisankho china. Zaka zisanu ndi zinayi zinadutsa mpando uli wopanda munthu. Sizinali za kumudzi zokha. Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inakhala yopanda mfumu ya mzinda, popeza meya amasankhidwa ndi makhansala pakati pawo. Mu Epulo 2006, pamene mavenda ankachotsedwa m'misewu ya m'mizinda pa ntchito yotchedwa Dongosolo, munalibe m'khonsolo munthu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa ndi anthu woti afunse ngati misika yolowamo inali yokwanira. Kukonza mzinda kunali kofunika, koma wogulitsa mbatatesi ya ku Tsangano m'mphepete mwa msewu wa ku Limbe anangomva za tsiku losamuka.

Munda wosalimidwa sukhala wopanda kanthu, mumamera zina. M'zaka zopanda makhansalazo aphungu anapatsidwa thumba la chitukuko cha m'dera, CDF, kuyambira 2006, ndipo kusintha kwa lamulo kwa mu 2010 kunawapatsa voti m'khonsolo n'kuchepetsanso chiwerengero cha mawodi. Phungu, amene ntchito yake yeniyeni ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, anasanduka womanga milatho, wogula mabokosi a maliro ndi wonyamula odwala. Anthu anazolowera. Makhansala 462 atasankhidwa pa chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014, anapeza mphasa yawo atakhalapo kale ena, ndipo m'maboma ambiri phungu ankaona khansala ngati mdani amene akunola mpeni woti adzamulande mpando. Njovu zikamamenyana chovutika ndi udzu.

Msewu wochoka pa mphambano ija kudzera ku Tsangano mpaka ku Neno ndi Mwanza ndiwo mboni ya zonsezi. Palibe chisankho chimene msewuwu sunatchulidwe pa nsanja, pakuti aliyense amadziwa kuti dzinja likafika malole amatitimira, mbatatesi n'kuolera m'matumba, ogula n'kumatchula mtengo umene afuna. Ntcheu inatulutsa achiwiri kwa Pulezidenti, kuphatikizapo Saulos Chilima wa ku Nsipe, kuyambira 2014, ndi Everton Chimulirenji, amene anakhala pa mpandowo kuchokera mu Meyi 2019 mpaka khoti litafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020. Chilima anabwerera pa mpando ndipo anaukhala mpaka ngozi ya ndege ya ku Chikangawa pa 10 Juni 2024. Ntchito ya tala inayambika m'ulamuliro woyamba wa Peter Mutharika, chigawo choyamba chitapatsidwa kwa asilikali a Malawi Defence Force, koma inayenda mwa kamba. Apa adzukulu azindikire chinthu chimodzi: msewu waukulu ngati umenewu si wa khonsolo, ndi wa boma la ku likulu kudzera ku Roads Authority. Khansala wolonjeza tala akulonjeza mbuzi ya mwini. Zake ndi timisewu tolowa m'midzi, mashedi a msika, zimbudzi, midadada ya sukulu, ndi kulondola kumene ikupita ndalama ya chiphaso imene mayi aliyense amalipira akayala malonda ake.

Mbali inayo ya malire zinthu zili m'mbuyo koposa. Malamulo a Mozambique atasinthidwa mu 2018 analonjeza kuti pofika 2024 maboma azidzasankha okha owatsogolera, koma mu 2023 aphungu a ku Maputo anachotsa chakacho m'malamulo. Mkulu wa boma la Tsangano wa ku Tete amachita kutumizidwa kuchokera kumwamba.

Kuno, mu Meyi 2025, bungwe la makhonsolo la Malawi Local Government Association linapambana mlandu ku khoti lalikulu, limene linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'khonsolo ndi kuyendetsa kwawo thumba la CDF n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Aphungu sanakondwe nacho chigamulocho. Pa 16 Seputembala chaka chomwecho anthu a ku Tsangano anafola pa mizere, aliyense n'kulandira mapepala atatu: la Pulezidenti, la phungu, ndi la khansala wa imodzi mwa mawodi 509 a dziko lino. Mafumu aakulu a m'boma la Ntcheu nawo amakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo, amayankhula ndipo amamvedwa mwaulemu, koma ikafika nthawi yokweza manja, lamulo la 1998 silinawapatse voti.