Za Nyumba Zoyamba za ku Ndirande ndi Midzi Yozungulira Blantyre

Alendo akafunsa za nyumba zakale za kuno, timafulumira kuwalozera nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga m'caka ca 1882, kapena chalichi ca St Michael and All Angels cimene cinatha mu 1891. Nkoyenera ndithu. Koma tifuna kukumbutsa mamembala a Bungwe lathu kuti anthu amene anaponda dothi la njerwa zimenezo sanali kugona m'menemo ai. Dzuwa likapendeka anali kubwerera ku nyumba zao m'tsinde mwa phiri la Ndirande ndi m'midzi ina ya m'dziko la Mfumu Kapeni, ndipo za nyumba zimenezo palibe khoma lotsala lero.

Mamangidwe ace anali a makolo. Mwamuna anadula mitengo ndi nsungwi, nazika nsici, namanga mbariro ndi luzi. Tsindwi analifolera ndi udzu, kenaka makoma anaphomedwa ndi dothi, ndipo amai anazira pansi. Nyumba yotere inali yozungulira, yopanda zenera, ndipo ciswe ndi mvula zikailaka mwini wace anangomanga ina pambali.

Kusintha kunadzera ku Mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu 1876. Kumeneko anyamata anaphunzira kuumba ndi kuocha njerwa, kupala matabwa ndi kuyesa khoma ndi cingwe. Mmisiri amene watha tsiku lonse akukonza citseko ca Mzungu sangakondwe kutseka pakhomo pace ndi bango. Cotero kunayamba kuoneka nyumba za ngondya zinai, za cipinda ndi pabalaza, za zenera la thabwa ndi khonde lotakata. Pambuyo pace za zidina, ndi malata kwa iwo amene thumba linalola. Njanje itafika ku Limbe ndi Blantyre mu 1908, anchito anacuruka, koma m'kati mwa tauni munakhala mwa Azungu ndi Amwenye. Anthu athu anamanga kunja kwa malire, nayenda pansi m'mawa ndi madzulo.

Ena amati makolo athu anacedwa kumanga za njerwa cifukwa ca ulesi. Mau amenewa ife tiwakana. Kuyambira 1892 Harry Johnston anapatsa Azungu zikalata za malo, ndipo nthaka yambiri yozungulira Blantyre inasanduka ya eni eseteti. Wokhala pa malo otere analipira ndi thangata, ndipo akanatha kucotsedwa. Ndani angaoche njerwa pa nthaka imene mawa adzauzidwa kuisiya? Msonkho nao unali kuwerengedwa pa nyumba, kotero kuti kumanga yaciwiri kunali kudziitanira amesenjala.

Boma linadzuka mocedwa. M'zaka za m'ma 1950 linayamba kumanga nyumba zocuruka za anthu akuda ku Soche, zofanana zonse, m'mizere. Mu 1956 Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa kukhala tauni imodzi, ndipo mu 1964 kunakhazikitsidwa Malawi Housing Corporation. Koma nyumba za Boma sizinakwanire konse anthu odzafuna nchito, ndipo ku Ndirande anthu anapitiriza kudzimangira okha, wina kuonjezera zipinda za lendi kuseri kwa nyumba ya atate wace, kufikira minda ya cimanga ya m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo inatha.