Heinrich Hübschmann ndi Chilankhulo cha ku Armenia

Dziko la m'mapiri

Armenia ndi dziko laling'ono la m'mapiri. Linachita malire ndi Turkey, Georgia, Azerbaijan ndi Iran. Anthu ake ali ndi zilembo zawozawo, zimene Mesrop Mashtots anakonza cha m'ma 405. Pasanapite nthawi, Baibulo linamasuliridwa m'chilankhulo chawo.

Funso lovuta

M'zaka za m'ma 1800, akatswiri a ku Ulaya ankafufuza ubale wa zilankhulo. Atawerenga mabuku akale a ku Armenia, anapezamo mawu ambirimbiri ofanana ndi a ku Iran. Choncho ambiri anagamula kuti Chiarmenia ndi nthambi chabe ya zilankhulo za ku Iran. Amene anadzatsutsa zimenezi anali mnyamata wa zaka 27 zokha.

Maphunziro ake

Heinrich Hübschmann anabadwira ku Erfurt, m'dziko la Germany, mu 1848. Anaphunzira ku mayunivesite a Jena, Tübingen, Leipzig ndi Munich. Mtima wake unali pa zilankhulo za kum'mawa, makamaka za ku Iran wakale.

Kupeta mawu

Mu 1875 analemba nkhani imene inasintha maganizo a akatswiri anzake. Ntchito yake inali ngati ya mayi wopeta m'lichero. Anatenga mawu a Chiarmenia limodzilimodzi, n'kupatula obwereka ku mawu a makolo.

Kubwereka mawu si kwachilendo. Ifenso timati nsapato, mawu ochokera kwa Apwitikizi, koma Chichewa si Chipwitikizi ayi. Momwemonso anthu a ku Armenia anabwereka mawu monga hazar, kutanthauza 1,000, ndi azat, kutanthauza mfulu. Chifukwa chake chili m'mbiri. Kwa zaka mazana angapo, mpaka mu 428, dziko lawo linkalamulidwa ndi mafumu a banja la Arsacid, lochokera ku Iran. Mawu a kubwalo la mfumu, a nkhondo ndi a malonda analowa m'kamwa mwa anthu wamba, ana n'kukula nawo osadziwa kuti ndi achilendo.

Koma mawu a pakhomo ankanena zina. Bambo m'Chiarmenia ndi hayr, pamene m'Chiperisiya, chilankhulo cha ku Iran, ndi pedar. Munthu wa ku Armenia wakale ankati berem, kutanthauza ndikunyamula. Mawu amenewa anasunga e monga m'Chigiriki, pomwe zilankhulo zakale za ku Iran zinali ndi a pamalo amenewo. Kusiyana kotereku sikunali kwa apo ndi apo. Kunkatsata lamulo lake, mawu ndi mawu.

Hübschmann anaonetsa kuti Chiarmenia ndi nthambi yoima payokha m'banja lalikulu lomwe muli Chigiriki, Chilatini, Chiperisiya ndi Chingerezi. Akatswiri akuvomerezabe zimenezi mpaka lero. Chondigwira mtima n'chakuti iye ankadziwa bwino kwambiri zilankhulo za ku Iran, ndipo n'chifukwa chake anatha kuzindikira mawu amene sanali a kumeneko.

Pa yunivesite

Mu 1876 anakhala pulofesa ku Leipzig. Chaka chotsatira anasamukira ku Strasbourg, mzinda umene pa nthawiyo unali m'manja mwa Germany. Kumeneko anaphunzitsa zaka pafupifupi 30. Analemba buku la mawu a Chiperisiya mu 1895, la magwero a mawu a Chiarmenia limene linamalizidwa mu 1897, ndi la mayina akale a malo a ku Armenia mu 1904. Anamwalira mu 1908.

Wophunzira wake

Mmodzi mwa amene anaphunzira kwa iye ku Strasbourg anali Hrachia Acharian, mwana wa fuko la Armenia wobadwira ku Constantinople. Acharian anadzaphunzitsa pa yunivesite ya Yerevan. Analemba dikishonale yaikulu yofotokoza kumene mawu a Chiarmenia anachokera, ndipo ofufuza akuigwiritsabe ntchito.