Kuona Pansi pa Chisoti cha Dzino Osachigumula

Dzino likathetheka kapena kubowoka kwambiri, dokotala amalisema n'kuliveka chisoti chimene pantchito yawo amachitchula kuti crown. Chisoticho chikhoza kuwala bwino kunja chikhalirecho chasiya kampata pomwe chakumana ndi dzino, m'mphepete mwa usinini. Simenti yomatira chisoticho ikasungunuka pamenepo, tizilombo timalowa, dzino n'kumawola mwakachetechete. Mu 1971 ofufuza McLean ndi von Fraunhofer anati mpatawo usapitirire ma micron 120, pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ine ndimati makina onse ojambulira mano tiziwayeza ndi kampata kameneka, ndipo tikatero tiona kuti aakulu ndi odula si amene amakaona bwino.

Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray ku Würzburg mu 1895, sipanapite nthawi dokotala wa mano Otto Walkhoff wa ku Braunschweig anajambula mano ake, atagona cheza chikumuwomba kwa mphindi 25. Mtengo wa luso limeneli unali wowawa: dokotala wa mano C. Edmund Kells wa ku New Orleans anadulidwa zala, kenako mkono wonse, chifukwa cha chezacho. Cha m'ma 1925 Howard Raper anabweretsa bitewing, kafilimu komwe wodwala amaluma, ndipo m'mbali mwa mano oyandikana munayamba kuoneka. Mu 1987 Francis Mouyen wa ku France anachotsa filimu, chithunzi n'kumatuluka pa kompyuta pomwepo ndi cheza chochepa. Vuto lenileni silinachoke. Chithunzicho n'chafulati, ndipo chitsulo kapena zirconia zimatchinga cheza, choncho chisoti chimaoneka mbuu, kuwola kwa kutsogolo ndi kumbuyo kwake kuli kobisika.

Ena amati njira ya X-ray yotchedwa CBCT, imene inayamba ku Italy ndi ku Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, inathetsa nkhaniyi poti imaonetsa dzino mbali zonse. Pa fupa ndi mizu akunena zoona. Koma pafupi ndi chitsulo chithunzi chake chimadzaza mikwingwirima yoyera ndi yakuda, ndendende pamalo amene dokotala akufuna kuona, pomwe wodwala walandira cheza chochuluka kuposa cha bitewing. Njira yoyenerana ndi funsoli inachokera kwina. OCT, yomwe gulu la James Fujimoto ku yunivesite ya MIT linalengeza mu 1991 ndipo madokotala a maso anaitengera msanga, inayesedwa pa mano pofika 1998. Imagwiritsa ntchito kuwala kwa infrared komwe sikuwononga thupi, ndipo imaonetsa ming'alu ya mu porcelain ndi timabowo ta mu simenti tomwe X-ray imatiphonya. Otsutsa amati imalowa mamilimita awiri okha ndipo pachitsulo sidutsa. N'zoona, komabe kampata kaja kali pamwamba, sikali kumizu. Chomwe chikadali chovuta ndi m'mphepete mobisika pansi pa usinini kapena pakati pa mano, momwe dokotala mpaka lero amadalira bitewing ndi kachitsulo kosongoka komwe amakwekwesa nako kuti amve ngati kakukola.