Chinsapo ndi mbiri yokonzekera madzi osefukira

Lilongwe asanakhale likulu la dziko mu 1975, dera limene lero ndi Chinsapo linali la midzi ndi minda, ndipo anthu ake ankadziwa kuti dambo, malo otsika amene amasunga chinyezi ngakhale m'chilimwe, n'lolimapo madimba ndi kudyetsako ziweto, osati lomangapo nyumba. Nzeru imeneyi sinkalembedwa, koma mfumu pogawa malo inkakumbukira pamene madzi a mtsinje wa Lilongwe, wochokera ku Dzalanyama, analekezera m'zaka za mvula yambiri.

Mzinda utayamba kukula, anthu osowa mapuloti a boma anakhamukira kumadera ngati Chinsapo, kumene malo ankagulidwa motchipa, ndipo obwerawo sankadziwa mbiri ya nthaka imene ankamangapo. Oumba njerwa anasiya maenje, okumba mchenga anagumula magombe, mitengo inathera m'mauvuni, ndipo zinyalala zinatseka ngalande zochepa zimene zinalipo. Nyumba ya zidina, njerwa zosawotcha, sichedwa kugwa, chifukwa madzi akaima tsiku limodzi m'munsi mwa khoma dothi limafewa, ndipo zimbudzi zokumba zikasefukira uve umalowa m'zitsime n'kubweretsa kolera. N'chifukwa chake dzinja likamayandikira mabanja amasanja matumba a mchenga pakhomo, amakweza khonde, n'kukumba timigula topatutsa madzi, ngakhale kuti kawirikawiri madziwo amangothera kwa mnansi wakumunsi.

Kumbali ya boma, lamulo loyamba lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi linakhazikitsidwa mu 1991, chaka chimene napolo, madzi ogumuka m'phiri pamodzi ndi miyala, anapha anthu ambiri ku Phalombe. Komabe kwa zaka zambiri maso anali ku Nsanje ndi Chikwawa, mpaka mu Febuluwale 2017 pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire mumzinda wa Lilongwe, kenako mu Disembala chaka chomwecho madzi anagwetsa nyumba ndi kupha anthu kumadera monga Kawale, Chipasula ndi Kaliyeka. Lamulo latsopano linabwera mu 2023, chaka cha namondwe wa Freddy.

Lero nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi ya zanyengo zimachenjeza anthu pa wailesi ndi pafoni, ndipo zimenezi n'zoyamikika, koma chenjezo silipatsa banja losauka kothawira. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi mafumu a ku Chinsapo ayenera kuletsa kugulitsa malo a m'madambo ndi kupezera okhalamo malo okwera.