Japanning: Luso la ku Ulaya Lotsanzira Utomoni wa ku Japan pa Mawotchi Akale

M'zaka za m'ma 1600, zombo za amalonda a ku Holland ndi England zinkabweretsa ku Ulaya mabokosi ndi makabati opakidwa urushi, womwe ndi utomoni wa mtengo wina wa kum'mawa kwa Asia umene umalimba pamalo achinyezi n'kusanduka chikamba chosalala, chosaopa madzi. Popeza utomoniwu sunkapezeka ku Ulaya, amisiri a kumeneko anayamba kuutsanzira, ndipo luso lawo linatchedwa japanning. Buku la John Stalker ndi George Parker la mu 1688 ndi limene linafalitsa kwambiri njirayi ku England.

Mawotchi amene anapindula nalo kwambiri ndi a mtundu wa longcase, omwe amaima pansi m'bokosi lamatabwa lalitali kuposa munthu, lobisa pendulamu ndi zitsulo zolendewera zoyendetsa makina. Chitseko chachitali cha bokosilo chinkapatsa mmisiri malo okwanira ojambulapo. Iye ankayamba ndi gesso, phala la choko ndi guluu, lomwe ankalipaka pathabwa kuti lisalale, ndipo pena ankaliunjika kuti mapiri ndi tinyumba zitukuke pamwamba. Kenaka ankapaka vanishi maulendo ambirimbiri, akudikira kuti aume ndi kumukwecha asanapakenso, mpaka mtundu wakuda, wofiira kapena wobiriwira utanyezimira, ndipo pomaliza ankajambula ndi golide. Vanishiyo kawirikawiri ankachokera ku shellac, utomoni wotulutsidwa ndi tizilombo tina ta ku India, wosungunulidwa mu sipiriti.

Zithunzizo zimatchedwa chinoiserie, ndipo n'zosakaniza zinthu za ku China, Japan ndi India monga momwe ankaziganizira anthu amene sanafikeko. Ku Paris, banja la a Martin linatchuka ndi vanishi wake wotchedwa vernis Martin, pamene ku Pontypool, m'dziko la Wales, banja la a Allgood linkapaka vanishi pamalata n'kuwotcha mu uvuni.

Kusiyanitsa urushi ndi japanning n'kofunika kwambiri kwa wosamalira wotchi yotere, chifukwa urushi sasungunuka mu sipiriti pamene shellac amasungunuka, choncho kupukuta mosadziwa kungafafanize ntchito ya zaka 300. Thabwa likamafufuma ndi kunyala, gesso amang'aluka n'kusendeka, ndipo n'chifukwa chake mawotchi ambiri anapakidwanso m'zaka zotsatira. Wotchi yokhala ndi utoto wake woyambirira, ngakhale utazimirira ndi kuchita ming'alu, ndi yofunika kuisunga momwe iliri kusiyana ndi kuipakanso kuti iwale.